Nambala Yaikuru, Lata Lopyapyala

Akristu anzanga a m'midzi,

Mwezi uno ndinati ndilembe za kukonzekera kwa ana amene adzalandira Ukaristia woyamba, koma nkhaniyo ndaisungira mwezi wa mawa, pakuti denga la tchalitchi chathu chaching'ono cha kuno kumudzi landipatsa nkhani ina imene siingathe kudikira, makamaka tsopano pamene mukolola ndi kugulitsa dzinthu zanu.

Zapita zaka zisanu chiyambire tsiku lija tinatopa ndi kufolera udzu chaka ndi chaka, ndipo tinapangana kuti tigule malata. Banja liri lonse linapereka monga linakhoza: ena ndowa ya chimanga, ena mtedza, ena nkhuku, ndipo gogo wina amene salimanso anadza nao mazira asanu atawamanga m'kansalu. Pamene ndalama zinakwanira, mpingo unatuma amuna atatu okhulupirika, ndi ine wachinai, kuti timuke ku tauni. M'sitolo tinapeza malata a mitundu iwiri, ofanana utali, onyezimira chimodzimodzi. Ena analembedwa geji 28, ena geji 32. Ndipo a 32 ndiwo anali otsika mtengo. Mmodzi wa ife, munthu wamkuru ndi wanzeru pa milandu ya m'mudzi, anati, "Taonani mwai, abale! 32 aposa 28, ndipo mtengo wache ngwochepa." Tonse tinakondwa, ndipo ndibvomera pamaso panu kuti ine amene ndinapita ku sukulu ndinakondwa koposa anzanga. Mwini sitolo anamva mau athu onse, nakhala chete, nalandira ndalama. Malatawo tinafika nao pa ngolo, amai akuimba ndi kululuta.

Lero malata aja apindikapindika pamene pali ponse anaponda mmisiri. Mphepo ya m'mwezi wa Januwale inawang'amba pa misomali, ndipo tsiku lina Bambo Mfumu anachita Misa beseni liri pambali pa guwa kulandira madontho.

Tsono geji nchiyani? Muyeso umenewu unayamba ndi amisiri osula waya ku Ulaya. Iwo anali kutenga ndodo ya chitsulo, naikoka kuipyoletsa pa bowo lochepa; ikapyola, naikokanso pa bowo lina locheperapo, ndipo ulendo uli wonse wayayo anali kutalika ndi kuwonda. Nambala inali kunena maulendo amene waya wakokedwa. Chotero waya wa nambala yaikuru ndiye wazunzika kambiri, ndiye wowonda. Ndipo pamene anayamba kuyesa malata ndi manambala omwewo, mwambo unakhala womwewo: nambala ikakwera, chitsulo chichepa. Asodzi a kunyanja adziwa kale zimenezi, pakuti mbedza ya nambala 12 njaing'ono kuposa ya nambala 6; ndi singano za kuchipatala ziri chomwecho.

Koma pali chinthu china chobisika koposa ichi. Manambala a geji sayenda cham'mbuyo kokha ai, komanso mapazi ao safanana. Pa muyeso wa waya umene boma la Britain linakhazikitsa m'chaka cha 1883, nambala 10 ndiyo mamilimita 3.25, nambala 20 ndiyo 0.91, ndi nambala 30 ndiyo 0.31. Munthu angaganize kuti 20 ndi theka la 10, popeza tanena kuti ziyenda cham'mbuyo. Koma taonani, 20 safika ngakhale pa gawo limodzi la magawo atatu. Pa muyeso womwewo 28 ndi mamilimita 0.38, ndi 32 ndi 0.27, ndiko kuti ife anai, posiya 28 ndi kutenga 32, tinasiya m'sitolo gawo loposa limodzi la magawo anai a chitsulo cha denga lathu. Ndiponso opanga malata satsata muyeso umodzi onse, kotero kuti malata awiri olembedwa nambala imodzi akhoza kusiyana kuchindikala kwao. Chifukwa chache wofuna kugula asakhutire ndi geji. Afunse mamilimita, ndipo anyamule lata limodzi ndi manja ache, nanyamulenso linzache, kuti mikono imuuze chimene nambala yabisa.

Musatiseke ife anai tokha, abale, pakuti msampha umenewu watchedwa pa khomo la munthu ali yense. Kuyambira ubwana tiphunzira kuwerenga pa mbuzi ndi pa zala: mbuzi zinai ndizo kawiri ka mbuzi ziwiri, ndipo palibe mlandu. Mita, kilogalamu ndi lita ziyenda chomwecho, phazi liri lonse lofanana ndi linzache, monga mizere ya munthu wodziwa kulima. Ndipo mtima wathu uzolowera, nuyesa kuti nambala iri yonse iyenda motero. Koma iripo miyeso ina yoyenda ngati chule wolumpha, amene kulumpha kwache kwachiwiri kuposa koyamba, ndi kwachitatu kuposanso. Ndipo wa miyeso yotere umene watidyera zambiri ndiwo wa munda.

Tonse tidziwa kuti ekala ndi mayadi 70 m'litali ndi mayadi 70 m'lifupi. Kunena mosamala, ekala ndi mayadi 4,840 a mbali zinai, ndipo 70 kuchulukitsa ndi 70 ndi 4,900; kusiyana kwache nkochepa, ndipo makolo athu sanalakwe potenga 70. Nanga theka la ekala? Funsani pa bwalo, ndipo ambiri adzayankha msanga kuti ndi 35 ndi 35.

Chaka chatha mai wina wamasiye wa m'limana lathu anabwereka theka la ekala kwa Mkristu mnzathu amene ali ndi malo ambiri, nalipira theka la mtengo wa ekala. Mwini munda anayenda mapazi 35 kum'mawa, nayenda 35 kumpoto, nakhoma zikhomo, maiyo ali kuona. Onse awiri anakhutira. Mai uja analima, nabzala, nathira feteleza pa nthawi yache, ndipo mvula siinabvute. Koma pokolola anapeza zochepa kwambiri poyerekeza ndi mnansi wache amene analima ekala yathunthu. Iye anayembekeza theka la zokolola za mnansiyo, napeza ngati theka la thekalo. Pamenepo mau oipa anayamba kuyenda m'mudzi: akuti wina wamkawa chimanga ndi mankhwala usiku, ndipo zala zinaloza nkhalamba ina yosauka imene munda wache uchita malire ndi pomwepo. Pamene mauwa anandifika ndinamva chisoni chachikuru, pakuti ndaona kale kumene nkhani zotere zithera.

Ndinapempha kuti timuke tonse kumundako, ndipo ndinalemba pansi ndi kamtengo bwalo la ngodya zinai, ndi kuti, "Iyi ndi ekala, 70 uku ndi 70 uku." Ndinadula mzere pakati kuchokera kum'mawa kumka kumadzulo, ndi mzere wina kuchokera kumpoto kumka kumwera, ndipo ndinafunsa ana amene anatitsata kuti awerenge zigawo. Anati, "Zinai." Ndinafunsanso, "Chigawo chimodzi chiri ndi mapazi angati?" Anati, "35 ndi 35." Pamenepo panagwa bata. Mai uja analipira theka nalima gawo limodzi la magawo anai, pakuti 35 kuchulukitsa ndi 35 ndi 1,225 chabe. Theka leni leni la ekala ndi 70 ndi 35. Kapena, ngati mufuna mbali zonse zifanane, ndi pafupifupi 50 ndi 50. Palibe amene anakawa chimanga cha munthu. Mwini munda anagwira pakamwa, pakuti iyenso sanadziwe. Ndipo za chimene anachita pambuyo pache ndinena m'munsimu. Koma nkhalamba ija palibe amene anapita kukaipepesa kufikira nditawakumbutsa kawiri.

Msampha womwewo ugwira waganyu, koma mwa njira yobwerera. Mwana wanu akalima ndime ya mapazi 10 ndi 10 napatsidwa mbale imodzi ya ufa, ndipo mawa lache mwini munda akati, "Lero ndime ndi 20 ndi 20, ndikupatsa mbale ziwiri," mwanayo ayesa kuti zafanana. Koma khasu lache lidzagwa kanai pa malipiro a kawiri. Adzabwera madzulo msana uli kuwawa, osadziwa chimene chamtopetsa.

Nkhokwe nayo itsata lamulo lomweli. Nkhokwe ziwiri zofanana msinkhu, ina yotambalala mita imodzi, ina mamita awiri: yachiwiriyo siilowa kawiri, koma kanai. Apa pokha lamuloli litikomera, pakuti nsungwi zoluka khoma lache zichuluka kawiri kokha. Ndipo mphika umene uposa unzache kawiri m'mimba ndi kawiri msinkhu ulowa kasanu ndi katatu. Amai ophika pa maliro ndi pa maukwati adziwa ichi ndi maso, ngakhale sanachiwerenge m'buku.

Tsopano ndifike pa ndowa, pakuti ino ndi nyengo yache. Wogula chimanga akafika pamudzi ndi ndowa yache, anena kuti iri ya malita 20 monga yanu, ndipo mwina anena zoona ngati muthiramo madzi. Koma chimanga sitiyesa ngati madzi. Tithira kufikira pamwamba pachita mulu, ndipo mulu umenewo ukhala pa kamwa la ndowa. Kamwa likatambalala, mulu ukula m'litali, m'lifupi ndi m'mwamba nthawi imodzi. Tiyerekeze ndowa ziwiri, ina ya kamwa la masentimita 30, ina ya 36. Diso liona kusiyana kwa zala zitatu kapena zinai, ndipo mtima uti palibe kanthu. Koma ngati mulu wa ndowa yoyamba uli makapu 10, mulu wa yachiwiri uli makapu 17. Makapu asanu ndi awiri pa ndowa imodzi achepa. Pa ndowa makumi atatu asanduka chakudya cha ana cha masiku ambiri a mwezi wa Febuluwale, pamene mudzagula chimanga chomwecho pa mtengo wokwera, ndipo nthawi imeneyo wogulitsa adzayesa ndi ndowa ya kamwa lochepa. Mankhwala ache ngosabvuta: gulitsani pa sikelo yoona, pakuti kilogalamu iyenda mapazi ofanana, ndipo ngati sikelo palibe, panganani poyamba kuti ndowa isalazidwe ndi ndodo pamwamba, ndi mtengo upangidwe pa ndowa yosalaza. Wogula amene akana kusalaza wakuuzani kale kumene kuli phindu lache.

Iripo miyeso ina iwiri imene sititenga m'manja, koma tiimva ndi makutu, ndipo iyo ndiyo yolumpha koposa.

Woyamba ndi wa chibvomezi. Akuru akumbuka chija chinagwedeza Salima m'mwezi wa Marichi 1989, ndipo ambiri akumbuka zija zinagwetsa nyumba ku Karonga m'mwezi wa Disembala 2009. Zazikuru za izo zinali pafupi ndi nambala 6 pa muyeso wa zibvomezi. Pamene wailesi inena kuti kwina kwachita chibvomezi cha nambala 4, ndi kwina cha nambala 6, womva ayesa kuti chachiwiricho chaposa pang'ono, monga mwana wa zaka 6 aposa wa zaka 4. Si tero ai. Muyesowu anaukonza Charles Richter ku California m'chaka cha 1935, ndipo anaupanga kuti nambala ikakwera ndi imodzi, kugwedezeka kumene makina alemba kuchuluka kakhumi, ndi mphamvu yotuluka m'nthaka ichuluka pafupifupi ka 32. Akatswiri a masiku ano ali ndi njira yatsopano yowerengera zibvomezi zazikuru, koma makwerero ache ngomwewo. Chotero cha nambala 6 chiposa cha nambala 4 mphamvu ka 1,000. Ndipo chija cha nambala 9 chimene chinagwera dziko la Japan m'chaka cha 2011, ndi kukweza nyanja kuti imize midzi, chinaposa cha ku Karonga koposa ka 30,000. Richter sanafune kunyenga munthu. Zibvomezi zisiyana mphamvu kotero kuti kuzilemba ndi manambala wamba kukadadzaza pepala ndi maziro. Iye anangopinda chingwe chachitali kuti chilowe m'thumba. Cholakwa nchathu, ngati tiyesa chingwe chopindacho osachitambasula.

Wachiwiri ndi umene alangizi a zaulimi autcha pH, woyesa kuwawasa kwa dothi, umene anauyamba Sørensen wa ku Denmark m'chaka cha 1909. Uwu uli ndi misampha yonse iwiri pamodzi: uyenda cham'mbuyo ngati geji, ndipo ulumpha kakhumi ngati chibvomezi. Nambala 7 ndiyo ya pakati. Ikatsika, kuwawasa kukula. Dothi la 5 liwawasa kakhumi kuposa la 6, ndi la 4 liwawasa ka 100. Chimanga chikondwa kuyambira 5.5 kufikira 7. Pansi pa 5.5 mizu iyamba kubvutika, ndipo feteleza amene mwagula ndi thukuta sagwira nchito yache yonse. Tsono mlangizi akati dothi lanu latsika kuchokera pa 6 kufika pa 5 ndipo lifuna laimu, musati, "Ndi imodzi yokha."

Nanga Eklezia anena chiyani pa zonsezi? Pakuti tsamba lino si la masamu okha. Malamulo a Mose, m'buku la Levitiko mutu 19 ndi la Deuteronomo mutu 25, aletsa miyeso yonyenga ndi kusunga miyeso iwiri, wogulira ndi wogulitsira. Ndipo mneneri Amosi, pa mutu 8, adzudzula kolimba amalonda ochepetsa muyeso wa tirigu. Tomasi Woyera wa ku Aquino, amene anamwalira m'chaka cha 1274, anasanthula milandu ya malonda mwatsatanetsatane, ndipo chiphunzitso chache chigawa anthu athu atatu aja bwino lomwe.

Wa ndowa ya kamwa lotambalala, amene adziwa chimene achita, achimwira lamulo lachisanu ndi chiwiri. Ndipo kulapa kwache sikukwanira ngati sabweza zimene anatenga. Apa palibe chokambirana.

Mwini munda uja sanachimwe pa tsiku limene anakhoma zikhomo, pakuti sanadziwe. Koma Tomasi aphunzitsa kuti munthu wotere, pamene wadziwa, ayenera kubwezera mnzache chimene anataya. Ndipo ndikondwa kukuuzani kuti Mkristu mnzathuyo sanadikire kuti ndimuuze. Sabata lomwelo anabweza theka la ndalama zimene analandira, ndipo chaka chino wampatsa maiyo 70 ndi 35, napita yekha ndi ana ache kukamthandiza kugalauza. Ena anamseka kuti wadzigwetsa yekha pa mlandu umene palibe mfumu ikadamgamula. Ine ndiyesa kuti anagona tulo tabwino kuposa omsekawo.

Wobvuta ndi mwini sitolo. Iye sananame; nambala inalembedwa poyera pa lata liri lonse, ndipo mtengo anatsitsa monga mwa kuchepa kwa chitsulo. Tomasi anena kuti ngati chilema cha katundu chiri choonekera, ndipo mtengo watsitsidwa moyenera, wogulitsa sakakamizidwa kuchilalika. Chotero sindikhoza kumutcha mbala, ngakhale mtima wanga unafuna kutero pa tsiku la beseni lija. Koma iye anamva ndi makutu ache anthu anai akuwerenga nambala chadodolido. Anadziwa kuti ndi denga la nyumba ya Mulungu, logulidwa ndi mazira a nkhalamba. Ndipo mau atatu okha akadatipulumutsa, akadagulitsanso malata odula. Ngati chilungamo chimmasula, sindiona kuti chikondi cha mnansi chimmasula. Komatu ndikatero ndiyenera kudziweruza ndekha ndi muyeso womwewo, pakuti mpingo unandituma ine chifukwa ndidziwa kuwerenga, ndipo ndinachita manyazi kufunsa pamaso pa anzanga chinthu chimene sindinachidziwe. Akuru anati safunsa anadya phula. Phula limenelo tinalidya mpingo wonse, chifukwa cha manyazi a munthu mmodzi.

Kwa inu aphunzitsi ndi makolo amene muli ndi ana a sukulu, ndipempha chinthu chimodzi chaching'ono. Madzulo ena, ana atatha kudya, lembani pansi bwalo la ngodya zinai, nimulidule pakati kawiri, ndipo awerenge okha zigawo. Tenganinso mbale ziwiri, ya kamwa lalikuru ndi ya kamwa laling'ono, muunjike chimanga pa zonse ziwiri, ndi kusalaza, ndipo ayese ndi kapu zimene zagwa. Ana a kumunda kuja anamvetsa msanga kuposa akuru, ndipo kamtsikana kena ka zaka khumi ndiko kanayamba kunena kuti, "Ndiye kuti amai alima kotala."

Za denga: akomiti agwirizana kuti malata asanu ndi atatu a kumbali ya guwa, amene ang'ambika koposa, achotsedwe mvula isanadze, ndipo akafolere khitchini la kuseri. Ena otsala adikire chaka cha mawa. Chopereka cha malata atsopano chidzayamba Lamulungu lachiwiri la mwezi uno itatha Misa, ndipo amene adzapereka chimanga adze nacho m'matumba, pakuti tabwereka sikelo ya kusukulu. Otumidwa ku tauni adzakhala asanu, awiri a iwo amai. Ndipo mmisiri wathu wabvomera kupita nao, atatenga kachipangizo kache koyesera kuchindikala kwa chitsulo.

Ndine wanu mwa Kristu,
Katekisiti